Malaya a Uelese

Uelese sankavula malaya. Kaya pothyola kokonati, kaya posamba m'nyanja, iye ndi malaya basi, mabatani mpaka pakhosi. Ku Auckland, kumene anaphunzitsa masamu mpaka imvi kumera, zimenezi zinkamuyanja, poti akuluakulu a sukulu ankakonda mphunzitsi wobisa thupi. Koma atabwerera ku Samoa kudzasamala mayi ake okalamba, amene ankakhala kwa achibale pachilumba cha Savai'i, malaya aja anasanduka nkhani. Mwamuna wanji wothukutira m'malaya anzake ali chifuwa pamtunda?

Chimene ankabisa n'chakuti ali mnyamata, kwawo kuchilumba cha Upolu, anagona pamphasa kuti amuteme pe'a, mphini zamwambo za amuna a ku Samoa, zoyambira kumsana kukalekeza m'mawondo. Mmisiri anamaliza kumsana, n'kuyamba ntchafu imodzi. Uelese ululu unamukulira, anadzuka nati akukataya madzi, osabweranso. Mwamuna wothawa pe'a amanyozetsa mtundu wonse, ndipo bambo ake anamwalira asanamuyang'anenso m'maso.

Ndiye ku Savai'i ankangokhala ngati mbewa yamva fungo la mphaka. Wina akamufunsa za kwawo, mtima phaa, wadziwa ameneyu. Ana akaseka kumbuyo kwake, ndiye kuti auzidwa. Ngakhale wogulitsa buledi akachedwa kubweza chenji, Uelese ankaganiza kuti akumuyeza ndi maso. Komatu palibe ankadziwa. Anthu ankakayikira zina: kuti ndi mmodzi wa aja opitikitsidwa kunja atatuluka kundende, odzaza zolemba za magulu a zigawenga pathupi.

Pasukulu ya mpingo ya m'mudzimo panapezeka malo a mphunzitsi, ndipo inali ntchito yokhayo yoti munthu n'kugwira akugona pafupi ndi mayi ake. Anamuitana kukaonana ndi komiti. Wapampando anali a Seumanu, bambo wamkulu thupi amene pe'a yawo inkaonekera pamwamba pa nsalu ya m'chiuno, ndipo ankaikanda dala polankhula. Pambali pawo panali mayi busa, akudzikupiza.

Za masamu anafunsa pang'ono chabe. Kenako mayi busa anayamba kuzungulira: amati kunja kuli mayesero, amati makolo akudandaula, amati ana amatengera zimene aona. Uelese anayankha kuti sanamangidwepo ndipo mapepala a kupolisi ali nawo. A Seumanu anati mapepala amagulidwa. Anawonjeza kuti pasukulupo aphunzitsi aamuna amavina ndi ana pa chikondwerero cha chaka, opanda malaya, ndiye ndi bwino adziwiretu chimene anawo adzaone.

"Aphunzitsi, ife si anthu oipa," anatero a Seumanu. "Tangovulani tione, nkhani ithe."

Uelese anaganiza zotuluka. Akanatuluka, mudzi ukanamutcha chigawenga mpaka kale, ndipo ntchito akanaipeza kumzinda wa Apia kokha, kutsidya kwa nyanja, mayi ake n'kumamwetsedwa mankhwala ndi azisuweni oiwalaiwala. Anachita mantha, mantha enieni a mwana, koma anamasula mabatani. Anatembenuka kuti aone kumsana, n'kukwezanso nsalu pang'ono: ntchafu ina yakuda theka, inayo mbee.

Mayi busa analeka kudzikupiza. Anayamba kunena kuti basi, munthuyu ndi wabwinobwino, si wakundende, koma mawu anawathera ataona nkhope ya a Seumanu. Bambowo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa dzina la bambo ake a Uelese ndi mudzi wawo. Uelese anatchula zonse.

"Valani," anatero a Seumanu, maso ali pansi. "Ana athu angaphunzire chiyani kwa munthu wosiya chinthu panjira? Chikhala kuti ndi ndende, mwana wanga, bwenzi titakambirana."