Kabisiketi Kamodzi pa Tsiku la Opaleshoni

Mkazi wa wosoka nsapato anali ndi maso osaphonya kanthu. Ndiye anayamba kuona kuti mwana wawo wamkazi, wa zaka zisanu, sagunditsa pansi chidendene cha kumanzere. Ankayendera zala, mpaka anzake anamutcha Gogoda. Bambo ake ankati vuto ndi nsapato. Anamata labala, anakhoma, anasoka, koma mwana ankangogwabe.

Kuchipatala dokotala anagwira katumba wa mwanayo nati mnofu wake ndi waufupi, wokungika. Pafunika opaleshoni youtalikitsa, kenako chikhakha. Akachedwa, phazi lidzapindikiratu.

Ulendo woyamba zinalephereka, mwana anali ndi chifuwa. Ulendo wachiwiri dokotala anaitanidwa kwa anthu a ngozi. Miyezi inayi inangopita choncho.

Ulendo wachitatu mayiyo anagwira lamulo ngati dzira: mwana asadye kanthu. M'mawa wonse anakhala pa benchi la kukhonde la wodi, mwana ali pamiyendo atavala kale kamwinjiro kobiriwira, akulira njala. Anamuimbira, anamunamiza, anabisa ngakhale botolo la madzi. Nesi atamuitana kukasayina pepala, anasiyira mwamuna wake mwanayo. Mphindi zisanu zokha.

Pobwera anapeza mwana ali phee, nyenyeswa zili pamlomo.

"Bambo ake, mwamupatsa chiyani?"

"Kabisiketi kamodzi. Bisiketi ndi chakudya ngati?"

"Nanga ndi chiyani, sopo?"

"Amalira mwanayu. Ine mtima wanga si chikopa."

Mayiyo anapukuta kamlomo kaja msangamsanga. Nesi anali akubwera, akukankha kabedi ka mateyala. Mayiyo akangotseka pakamwa, lero zitheka. Koma dokotala wogonetsa anali atawachenjeza kuti mwana akasanza ali mtulo, masanzi amalowa m'mapapo.

"Sanadye kanthu, eti mayi?" anafunsa nesi.

Mwamuna anayang'ana kudenga. Mayiyo ndiye anayankha.

"Wadya bisiketi, anesi. Posachedwapa."

Nesi anausa moyo, nakhwatcha dzina pa mndandanda. "Mwachita bwino kunena. Koma odwala achuluka, sitingamudikire. Mubwerenso mwezi wamawa, pa 14."

Mayiyo anamuvula mwana kamwinjiro kaja, nakapinda bwinobwino n'kubweza. Mwana anatsika pa benchi, nayamba kudumphadumpha ndi zala zake, akupempha bisiketi ina.

"Munyamuleni," anauza mwamuna wake osamuyang'ana. "Ndipo pa 14 mudzatsale ndi nsapato zanuzo. Ndidzabwera naye ndekha."