Mwendo wa Akatekisiti

Ntchito yanga yoyamba sindinachite kuifunsira. Nditamaliza maphunziro a sayansi ku Lusaka ndinakhala chaka chathunthu kwa azakhali ku Chongwe, ndikugulitsa mazira pamsika, mpaka tsiku lina mphunzitsi wanga wakale, Dokotala Zulu, anandiimbira foni. Iwo anali atatha zaka m'labu akufufuza mmene magazi amamwera kuwala, poti magazi okhala ndi mpweya wokwanira amamwa kuwala mosiyana ndi magazi ousowa. Tsopano anali atapanga kachipangizo koyezera mpweya m'mnofu, ndipo ankafuna munthu wokakayesa pachipatala cha mishoni chakufupi ndi kwathu.

"Iwe unkhala pafupi, elo sukamba-kamba," anatero. Pa mfundo yachiwiriyo anandinamizira.

Kachipangizoko kanali kabokosi kofanana ndi sopo wochapira, kokhala ndi waya wothera pa kachigamba ka labala. Pa kachigambapo panali tinyali tiwiri tofiira ndi kadiso kolandira kuwala kobwerera m'thupi. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndakayesa pa kathabwa koyera kuti ndione ngati kakuwerenga bwino. Wodwala akabwera ndinkapukuta khungu ndi thonje la spiriti, kumata kachigamba, kuphimba ndi nsalu yakuda kuti dzuwa lisalowe, kudikira mphindi imodzi, kenako kulemba nambala mu laputopu. Lamulo linali limodzi lokha: nambalayo ndi ya kafukufuku, wodwala sauzidwa. Kachipangizoko kanali kasanavomerezedwe, ndipo ku labu kanali katangoyesedwa pa mikono yosalala ya ophunzira.

Ine ndinkakakhulupirira kuposa mmene ndinkadzikhulupirira ndekha. Sisita Banda, namwino wamkulu, virigo wamfupi wosaseka chisawawa, ankakatcha kawailesi kanga.

Mwezi wachiwiri kunabwera a Mumba, akatekisiti a ku Bundabunda, bambo aakulu odwala shuga. Anali ndi bala pa chala chaching'ono cha kuphazi lomwe silinkapola. Anabwera okha pa njinga, atavala jekete ngakhale kunali kotentha. Sisita anatsuka balalo, namanga bandeji, napita pa windo kukalemba mankhwala. Ine ndinagwada ndi thonje langa kuti ndipinde buluku ndipukute pamwamba pa kakolo, koma a Mumba anandigwira dzanja.

"Mwana wanga, nipase, nizaika neka. Phimba chabe na nsalu yako."

Sindinaone chachilendo. Mtsikana wolera bwino sapinda buluku la munthu wofanana ndi bambo ake, ndiponso akatekisiti. Ndinawapatsa kachigamba, ndinayala nsalu yakuda pa mwendo, ndinayang'ana kumbali mwaulemu, iwo n'kumata okha pansi pa nsalupo. Nambala itatuluka inali yotsika kuposa ina iliyonse imene ndinaionapo. Pakamwa panandiyabwa.

"Ba Sister, bwelani muone! Uyu mwendo ulibe mpweya olo pang'ono."

Sisita ananditong'olera maso, koma mawu anali atatuluka kale. A Mumba anamatula okha kachigambako, anatsitsa buluku, anathokoza bwinobwino, n'kukwera njinga yawo. Ankayenera kubwera tsiku lililonse kudzatsukitsa bala. Mawa lake sanabwere. Mkuja wake sanabwere, ndipo foni yawo inkangoitana.

Tsiku lachisanu Sisita anandipeza ndikupukuta waya. "Nyamula kawailesi kako. Ndiwe unakamba, ndiwe uzayenda kukamba futi."

Tinakwera galimoto ya mishoni mpaka pamene msewu unathera, kwinako wapansi. Tinawapeza a Mumba atakhala pansi pa mtengo wa mango, phazi atalikulunga m'chitenje, ndipo fungo linatilonjera tisanafike. Atationa sanadikire moni.

"Ku Lusaka siniyenda. Bazanidula mwendo. Machini inakamba kudala, manje nizapalasa bwanji njinga kuyenda ku ma senta?"

Anthu a m'midzi itatu ankadikira mwendo umenewo Lamlungu lililonse kuti mapemphero ayambe. Ndinawauza kuti kachipangizoko n'kongoyesa, kuti ndinalakwa kulankhula, koma mawu anga anali opepuka poyerekeza ndi nambala imene ndinakuwa ndekha. Ndinapempha kuti ndiyezenso. Anatambasulanso dzanja kuti ndiwapatse kachigamba. Apo mpamene akazi awo, amene anali pakhomo akusenda chimanga, anayankhula osadzutsa mutu.

"Baonetseni chabe, ba tate bake Monika. Ndine ninakupelekani. Ba Sister banaonapo zambili."

A Mumba anapinda buluku pang'onopang'ono. Pamwamba pa kakolo panali mphini, mizere iwiri ya timabala topola, takuda bii ndi makala a mankhwala ootcha amene sing'anga anapakamo. Bala litakana kupola, akazi awo anawatengera kwa sing'anga mobisa. Munthu wophunzitsa katekisimu sakanalola kuti virigo aone zimenezo, ndiye tsiku lija anamata kachigamba kanga pa mphini penipenipo kuti kazibise. Makala aja anamwa kuwala konse, kadiso kanalandira zochepa, ndipo kabokosi kanapereka nambala yabodza mmalo monena kuti sikakuona.

Sisita anaziyang'ana mphinizo ngati akuona zipsera za udzudzu. "Izi ni zanu na Mulungu wanu. Ine nabwelela chala."

Ndinapukuta ndekha pakhungu loyera, chapambali pa mphinizo, n'kumata ndi dzanja langa. Ndinayezanso mwendo winawo, ndipo nambala zinatuluka zofanana. Ndinawaonetsa zonse ziwiri, ngakhale lamulo linkaletsa, chifukwa bodza langa silikanachoka mwanjira ina. Madzulo omwewo anakwera nafe galimoto.

Mwendo unapulumuka, koma chala chaching'ono anachidula kuchipatala cha boma. Dokotala wa kumeneko anati chikanatha kupola bala likanamatsukidwa masiku asanu aja. Zinandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Ndinawauza zonse Dokotala Zulu, osabisa ngakhale za pakamwa panga. Sanakalipe. Anakonza kabokosiko kuti kuwala kobwerera kukachepa kwambiri kazikana kupereka nambala, ndipo pa pepala la malangizo anawonjezera mzere woti woyeza aone khungu ndi maso ake, amate yekha, apewe mphini ndi zipsera.

Lero ndimaphunzitsa anamwino kugwiritsa ntchito zipangizo zotere, ndipo phunziro loyamba sindiyatsa chilichonse. Ndimawagwaditsa, ndimawapinditsa buluku la mnzawo, kuti azolowere kupempha chilolezo n'kuyang'ana ndithu, ngakhale mwini mwendo akhale wamkulu chotani. A Mumba amapalasabe njinga. Tikakumana pa boma amaima, n'kuloza nsapato yawo yakumanzere akuseka, amvekere muli malo a chala chimodzi ngati ndikufuna kusungamo kawailesi kanga. Ine ndimaseka nawo, koma maso anga sachoka pa nsapatoyo.