Timizere Timene Oumaima Anaiwala

Tsiku limene Oumaima anafufuta zithunzi za maukwati onse a chaka chimenecho, malume ake, a Slaheddine, sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotseka chitseko cha situdiyo yawo ya zithunzi mumzinda wa Sfax, n'kunena kuti, "Makiyi usiye patebulopo, mwana wa mlongo wanga."

Cholakwacho chinali chaching'ono mochititsa manyazi. Mtsikanayu sukulu inamukanika makolo ake atamwalira, koma anadziphunzitsa yekha kulemba timapulogalamu ta pakompyuta. Analemba kena kochotsa mafoda osafunika, n'kuiwala kutsekera dzina la foda m'mitengero, timizere tija touza makina kuti mawu awiriwa ndi dzina limodzi. Foda yoyenera kuchoka inali ya "Maukwati akale". Kompyuta ilibe chisoni. Inadula dzinalo pakati, n'kumeza foda ina ya "Maukwati", momwe munali ntchito yonse yatsopano.

Mwa odandaula munali Chiraz, amene bambo ake anamwalira ukwati wake utangochitika kumene.

"Za kupepesa zisiye," Chiraz anamuuza Oumaima. "Ndikufuna nkhope ya bambo anga atandigwira dzanja. Undibwezera?"



Mbiri inawanda. Akamadutsa pamalo omwera khofi, amuna ankafuula kuti, "Injiniya uja wafika, bisani mafoni!" Anakalowa ntchito yomata mapepala pamabotolo a mafuta a azitona, ndipo ankalira m'basi popita ndi pobwera. Kunena zoona, anafika podana ndi zala zake zomwe.

Koma funso la Chiraz silinamupatse mtendere. Anabwerera kwa malume ake kukapempha disiki ya kompyuta momwe munali zithunzi zija.

"Tenga," anatero a Slaheddine osamuyang'ana. "Umenewo ndi mtembo. Ukaikenso wekha."

Anayamba kufukula. Mapulogalamu otola zofufutika ankamulavulira zidutswa zopanda mayina, zambiri zowonongeka. Kuti azisanje anayenera kulembanso timapulogalamu. Apa ndi pomwe anaphunzira zimene kale ankazidumpha: pofunika mtengero umodzi, pofunika iwiri, ndi posankha chotsekera china ngati mawuwo ali kale ndi mitengero mkati. Kalikonse ankayamba wakayesa pa mafoda abodza a mayina ovuta. Wolumidwa ndi njoka amaopa ndi chingwe chomwe.

Inapita miyezi. Maukwati ambiri sanabwerere, ndipo mabanja ena mpaka lero samupatsa moni. Koma tsiku lina chinatuluka chithunzi chimodzi: kumunsi konse mbuu ngati phulusa, kumtunda bambo wachikulire akumwetulira, tsaya atagunditsa pamutu pa mwana wake.

Oumaima atamupititsira, Chiraz anachiyang'ana nthawi yaitali ali pakhomo pake.

"Theka lokha?"

"Theka lokha, achemwali. Ndalephera kwinako."

Sanathokoze. Anachikumbatira pachifuwa, misozi ili chuchuchu, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Lero Oumaima amalembedwa ntchito ndi makampani kuti aziteteza zosungidwa m'makompyuta awo, ndipo amamukhulupirira chifukwa amadziwa kuwawa kwa kutaya. Chisoni cha maukwati aja sichinamuchoke.

Inu amene munawononga chinthu ndi manja anuanu, sindikunamizani kuti zonse zidzabwerera. Koma musathawe pabwinja panu. Fukulani ndithu, osafooka, pakuti theka limene mungapulumutselo pali wina amene akulilirira.