Chitsulo cha pa Mlatho

Ndinaganiza zochoka patapita miyezi itatu chiikireni maliro a mkazi wanga Esinati. Sindinathawe njala ayi, chimanga chinalimo m'nkhokwe. Inandilemera ndi nyumba. Ndikalowa ndinkapeza chitenje chake pa msomali, ndikatuluka ndinkapeza dimba lake likuuma. Nditamva kuti ku Nakonde akufuna madalaivala a malole opita ku Dar es Salaam, ndinapemphera sabata imodzi, kenako ndinasiya mwana wathu mmodzi yekhayo, Tisauke, m'manja mwa azakhali ake kwathu ku Nkomeshya. Sanalire. Anangofunsa ngati ndidzabwera nthawi yokolola, ine n'kuvomera. Pa zaka zisanu ndi chimodzi ndinabwerako kawiri kokha, m'chilimwe, ngati mlendo.

Ndalama ndinkatumiza pa foni mwezi ndi mwezi, n'kumadziuza kuti ubambo ndi womwewo. Tisauke ankayankha mwachidule: zafika, mbuzi yaswa, denga likudontha. Lamulungu linkandipeza poimika malole, ndikuimba ndekha m'kati mwa galimoto. Nyimbo zake sizinkayenda, pakuti woyambitsa anali Esinati, ine ndinkangolandira.

M'mapiri a ku Tanzania, cha ku Makambako, chifunga chimatsika ngakhale masana. Madalaivala tili ndi chizolowezi chotsatira nyali zofiira za lole ya patsogolo. Tsiku lina ndinazitsatira, osaona phula, osaona mtengo. Nyalizo zinakhotera kumanzere, inenso ndinakhota, kenako zinamira pansi. Ndinaponda mabuleki katundu akundikankha kumbuyo, lole n'kuima matayala ali pa udzu. Mnzanga wa lole ya patsogoloyo anali atagwera kuphedi. Anapulumuka, koma mwendo anasiya komweko. Ba Chanda, dalaivala wachikulire wa ku Mpika, anandipeza pomwepo, nati: "Ba Phiri, nyali za munzanu sizidziwa njila. Mukaleka kuona, imani, zimyani injini, tsegulani windo, mumvele." Kuyambira pamenepo ndinayenda motero, ndipo chifunga sichinandiopsenso.

Uthenga umene unandibweza unafika mvula itayamba. Tisauke ankakwatiwa ndi mphunzitsi wina wokhala ku Silverest, pafupi ndi Lusaka. Analankhula yekha pa foni, mosakweza mawu: "Atate, ukwati ni pa Chiweru. Mukapanda kubwela, amalume azanipeleka kutsogolo. Sinizakwiya, koma sinizakupemphaninso kanthu."

Ndinafika pa boma la Chongwe Lachisanu masana, n'kukwera kalole kopita kwathu. Anandikhazika kutsogolo chifukwa cha imvi, pamodzi ndi mayi wina wogulitsa matimati, Amake Dalitso. Titasiya phula, kumwamba kunada, ndipo mvula inagwa ngati akuikhuthula mumtsuko. Galasi linayera. Msewu unasanduka mtsinje wofiira, kalole kakuterereka uku ndi uku, anthu a kumbuyo akupemphera pansi pa tenti. Ndinaona kuti dalaivala watsamira pa chiwongolero, maso ali pa nyali ziwiri zofiira za galimoto ya patsogolo.

Ndinamupempha kuti aime. Anaseka, nati njirayi anakulira momwemo, ndipo akaima pa matope otere titsala pompo mpaka mawa. Sindinamuone ngati woipa, inenso ndinali wotero. Komanso kusala pa matope mpaka mawa, tsiku la ukwati, ine ndinkakuopa kuposa iye. Ndinagwira dzanja lake, n'kubwereza modekha. Anaima, anazima injini akung'ung'udza, ine n'kutsitsa galasi.

Poyamba ndinangomva mvula. Kenako, chapatali pang'ono, chitsulo chikulira: ngwe, ngwe, ngwe, osalekeza.

"Mwamva?" anatero Amake Dalitso. "Chitsulo chalila. Madzi akwela pa mlatho, palibe kuwoloka." Anatembenukira kwa dalaivala: "Iwe wokulila mu njila, windo unatsekela chani?"

Mwambo umenewu sindinkaudziwa. Mvula itachepa tinaona kuti taima pafupi kwambiri ndi kamlatho kotsika ka simenti, ndipo kamlathoko sikankaoneka n'komwe. Madzi ankathamanga ndi mitengo yozuka. Galimoto imene tinkatsatira inali itamiza mphuno, eni ake atatulukira kumbuyo, ataima pa mtunda.

Tinadikira mpaka dzuwa litapendeka. Madzi atatsika kufika m'mawondo, tinawoloka pansi titagwirana manja, ine sutikesi ili pamutu. Nyumba yoyamba kutsidyako ndi yanga. Pa mtengo wa mango panalendewera chitsulo, mbale yakale ya pulawo imene Esinati ankaitanira amayi a chigwirizano Lachinayi. Pansi pake panaima Tisauke, hamala ili m'manja, chitenje chitamata ndi madzi, tsitsi lake la ukwati atalikulunga m'pulasitiki. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwabwela na suti, kapena muzanipeleka na matope?"

Azakhali ake ndiwo anandiuza kuti chaka chotsatira nditachoka, madzi anakokolola ngolo ya munthu wina ndi ng'ombe zake pa mlathopo, ndipo kuyambira pamenepo mtsinje ukadzaza, Tisauke amatuluka pa mvula kukamenya chitsulo. Palibe anamutuma. Nditamufunsa chifukwa chake sanandilembereko, anati sindinafunse. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti mudzi ukudikira zochokera kwa ine, chikhalirecho mudziwo unkadzisunga, ndipo mwana amene ndinamusiya ndiye ankapulumutsa odutsa, mpaka tsiku limenelo anapulumutsa atate ake osadziwa.

Pa Chiweru ndinamuperekeza kutsogolo kwa tchalitchi, suti ikadali ya chinyontho m'mapewa. Atanyamuka kupita ku Silverest, anthu ankafunsana kuti nanga chitsulo amenya ndani. Ku Nakonde sindinabwerere. Hamala ija ndinaikoleka pa msomali pamene pankakhala chitenje cha Esinati, pafupi ndi chitseko, kuti mitambo ikada ndisavutike kuifuna.