Mababu a pansi pa katoni

Nkhani iyi sindinauzepo munthu aliyense, ngakhale mkazi wanga mpaka anamwalira. Ndikuilemba chifukwa kulemba ndinakuphunzira nditamera kale imvi, kusukulu ya kwacha, ndipo pepala silimuyang'ana munthu m'maso.

Magetsi atafika m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kamwendo, mabanja angapo tinakokera mawaya m'nyumba. Mababu oyamba aja, otentha ngati khala, ankamaliza mayunitsi sabata isanathe. Tinachita msonkhano nkugwirizana zosonkha kuti tikapikule katoni yathunthu ya mababu oyera aja osadya magetsi, poti kugula limodzilimodzi kumadula. Anasankha ine chifukwa ndimawerenga zolemba za pabokosi. Koma kwathu wogula zinthu za gulu sapita yekha, ndiye anandiphatikiza ndi mayi wina wamasiye wa kutsidya kwa dambo.

Ndikadasankha ndekha, sindikadapita ndi iwowo.

Kalekale ndinkalowetsa feteleza kuchokera ku Zambia kudzera m'tinjira ta m'tchire. Chaka china ndinasoka matumba ndekha: pamwamba feteleza weniweni, pansi mchenga woyera wa m'dambo. Amuna a mayiwa anagula atatu. Anamasula pakamwa pa thumba, anatapako pang'ono, nandithokoza. Atapeza mchenga uja anabwera kwathu, ine ndinagwira kumutu nkunena kuti nanenso a ku Zambia andipusitsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, “Pepani.” Fodya wawo anafiira asanakule. Chaka chotsatira anapita kukakhala tenanti ku esiteti, ndipo anabwerako ali m'bokosi.

Tsiku la msika ku Kamwendo tinapeza mwamuna wina wogulitsa zamagetsi pa benchi. Anali atakoka waya kuchokera mometera tsitsi pafupi pomwepo, kumapeto kwake kuli poyesera babu. Atatchula mtengo wa katoni, mtima wanga unakana. Unali wotsika kwambiri.

Anatenga babu la pamwamba, naliyatsa. “Mwaona, madala? Masana enieni. Za ku Chipata izi, osati zinyalala.”

Anatenganso lachiwiri, la pamwamba pomwepo. Ndinkayang'ana manja ake, osati babu. Ndi mmene ine ndinkamasulira thumba.

“Khuthulani katoni yonse,” ndinatero. “Tiyambira pansi.”

“Aa, madala, mababu fifite? Ometawa andithamangitsa, magetsiwa ndi awo.”

“Ndiye tapita.”

Anakhuthula uku akudandaula. Ndinayamba ndi mzere wa pansi penipeni, limodzilimodzi. Lililonse ndinkaligwedeza pafupi ndi khutu, kuwerenga zolemba zake, kenako nkulipereka kuti aliyese. Akabaza anasonkhana kudzaonerera. Wina anati, “Agogo akufuna babu loti akawalitsire kumanda.” Anthu anaseka. Mayi aja sanaseke. Anangoima pambali atagwira chitenje, nkumalandira oyesedwa kale.

Onse a pansi anayaka. A pakati anayaka. Limodzi lokha linakana, ndipo linali la mzere wa pamwamba. Wogulitsa uja analisintha yekha ndisanalankhule, nati, “Mwakhutira, bwana wapolisi?” Sindinakhutire. Ndinaganiza kuti mwina adzayaka sabata imodzi nkuferatu, kapena wasinthanitsa katoni pamene ndinatembenuka. Ndinaimanga ndekha panjinga ndi mphira.

Pobwerera ndinkakankha njinga, mayi aja ali pambuyo. Titatsala pang'ono kufika kudambo anati, “Abambo, munadziwa bwanji kuti zoipa amaika pansi?”

“Ukalamba, amayi. Munthu umaona zambiri.”

“Eya.” Tinayendanso pang'ono. “Malemu aja ankanena za inu kuti ukamagula thumba uzipita ndi abambo amenewo, amadziwa za pansi pake.”

Ndinacheuka. Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akunena za mvula. Anatenga mababu awo awiri, nakhotera kwawo.

Mawu amenewo ndinawatembenuza njira yonse. Kodi malemu aja ankandiyamikira, poganiza kuti nanenso ndinaphunzirapo? Kapena anadziwa tsiku lomwe lija, nanena “pepani” akudziwa? Nanga mayiwa, pamsonkhano paja, anawasankha ndi anthu kapena anadzipereka okha? Sindikumbukira. Zaka zonsezi akhala akundipatsa moni, ndipo pamaliro a mkazi wanga anaphika nawo. Madzulo ndinaika babu langa, linawala bwinobwino, ndipo ndinalizimitsa.

M'mawa mwake ndinagulitsa mbuzi zanga ziwiri, ndinabwerera ku Kamwendo nkugula thumba la feteleza. Ndinauza a musitolo kuti alimasule, ndinapisamo dzanja mpaka paphewa, nkulisokanso ndekha. Ndinalikankha panjinga kuwoloka dambo. Ndinawapeza mayi aja akusesa pabwalo. Ndinatsitsa thumba lija pakhonde pawo, nkuliimika chozondotsa, pansi pake pali pamwamba.