Mkulu wowongola zigubu ndi dzuwa

Kuseri kwa msika wa ku Insaca kumakhala bambo ena achikulire osataya kanthu, ngakhale chitsekerero cha botolo. Iwo amati mpweya sukonda kupanikizidwa: ukautsekera n'kuutenthetsa, umakankha makoma kufuna malo.

Chaka chimene tinabwerako ku Malawi, chigubu chokhacho cha mwana wanga Rabeca chinafinyika pansi pa matumba m'lole. Chitsime chili kutali, ana anayi akudikira madzi. Potaya mtima, Rabeca anatenga mpeni kuti achidule, chikhale chomwera nkhuku.

"Mwanangu, siya mpeniwo! Chabowoka ngati?" anakalipa bambo aja, amene ankadutsa pomwepo.

Anathiramo timadzi totentha, n'kutseka zolimba, n'kuchiika padzuwa. Pofika masana chinangoti phu! n'kuwongoka.

"Nyamuka, katunge," anatero akuseka. "Nkhukuzo zimwera m'phale."