Aphunzitsi Zefaniya Aphunzira Kunong'ona

Aphunzitsi Zefaniya anabadwira m'komboni ya mgodi ku Chakari, ndipo mawu aakulu anatengera bambo awo, amene ankaitana anzawo pansi pa nthaka makina akulira. Akamaphunzitsa giredi 4 pa sukulu ina ku Chegutu, azimayi ogulitsa matimati kunja kwa mpanda ankayankha nawo masamu. Asanalankhule ankayamba amenya tebulo ndi rula, ngati kuti alipo amene akanalephera kuwamva.

M'chaka cha 2002 m'kalasi mwawo munabwera ana a antchito a m'mafamu amene analandidwa kwa eni ake. Mmodzi anali Enesi, kamtsikana kosalankhulalankhula. Rula itangolira kuti phwa! Enesi analowa pansi pa desiki, zala zili m'makutu. Aphunzitsi anamukalipira kuti atuluke, koma sanasunthe.

Kunyumba anadandaulira akazi awo, mayi Alinesi, namwino wa ku Kadoma.

"Bambo, kwawo kwa mwanayo anthu anafika akukuwa, akumenya zitseko," anatero mayiwo. "Inu mwangowonjezerapo rula."

"Nanga ndiziphunzitsa bwanji?"

"Monga munandifunsirira ine. Si paja ndinachita kukuuzani kuti mubwereze poti mawu sankamveka?"

M'mawa mwake rula inatsala kunyumba. Lole itadutsa pamsewu, Enesi anabisalanso. Aphunzitsi anagwada, mawondo akulira, n'kunena chapansipansi m'Chichewa, osati m'Chishona cha pasukulupo: "Mwanawe, ndi lole ya chimanga chabe. Ukafuna kutuluka, utuluka." Mwanayo anawayang'anitsitsa, kudabwa kuti munthu wa tayi akulankhula ngati mayi ake.

Aphunzitsi anamusamutsira pafupi ndi khomo kuti aziona amene akubwera, ndipo ankachenjeza ana belu lisanalire. Chinavuta ndi kunong'onako. Kunkamvekabe mpaka ku giredi 5, moti a Morrison, aphunzitsi a kumeneko, ankawathokoza powauza zinsinsi zonse.

Enesi sanasinthe msanga. Masiku ena ankalembera pansi pa desiki pomwepo, aphunzitsi n'kumachonga ntchito yake atagwada, podzuka akugwira khoma. Tsiku lina akuti agwade, mwanayo anatuluka yekha n'kukhala pa benchi.

"Ticha, basi," anatero m'Chishona. "Mawondo anuwo athyoka."

Ana onse anaseka, nayenso anamwetulira pang'ono.

Chaka chitatha, makolo a Enesi anasamukira ku Mubaira kukafuna maganyu. Malo a pakhomo aja anakhalapo Simoni, mwana winanso wa ku famu, amene vuto lake linali kugona m'kalasi.